Uchizi ndi Boti Lobooka Pakati

Uchizi ndi mtsikana wa ku Kande. Kwawo ndi kufupi ndi nyanja. Uchizi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti bambo ake apitenso panyanja.

Bambo ake ndi a Frackson. Uchizi amawaitana kuti Ada. Mayi ake ndi a Doris. Uchizi amawaitana kuti Ama.

Ada anali msodzi. Koma tsiku lina mphepo ya mwera inakalipa. Mafunde anagubuduza bwato. Bwato linawamenya Ada paphewa. Phewa linapola, koma mphamvu sizinabwerere. Ada sankathanso kupalasa.

Tsiku ndi tsiku Ada ankakhala pansi pa mtengo wa mango. Nkhafi yawo ankaigoneka pamiyendo. Ankangoyang'ana nyanja. Kuseka anasiya. Uchizi zinkamupweteka mumtima.

"Ada, mudzapitanso liti panyanja?" anafunsa Uchizi.

"Kaya, mwanangu," anatero Ada.

Tsiku lina m'mawa kunabwera lole. Pamwamba pake panali amalume a Jonas. Amalume a Jonas amaphika ku loji. Pambali pawo panali kaboti koyera, kokandikakandika.

"Alamu, dzukani!" anakuwa amalume. "Eni loji agula boti latsopano. Lakaleli andipatsa ine. Ine ndakupatsani inu!"

"Ndipalasa ndi chiyani?" anafunsa Ada.

"Ili silifuna nkhafi. Silifuna injini. Limayenda ndi mphepo basi!"

Ada anadzuka msangamsanga. Uchizi anaona. Mtima wake unagunda, gu, gu, gu!

Ama anatuluka m'nyumba. Anazungulira botilo, manja ali m'chiuno.

"Boti la kaunjika!" anatero Ama. "Ndi lakuya bwino. Likakana kuyenda, ine ndiziviikamo chinangwa."

"Ayi, Ama! Liyenda!" anatero Uchizi.

Anatsitsa boti pamchenga. Anatsitsanso katundu wake. Abale inu, katundu wake! Panali chitsulo chachitali ngati nsungwi. Panali chitsulo china chachifupi. Panali chinsalu cha ngodya zitatu. Panali zingwe zopiringizana. Panali thabwa la chogwirira. Panali thabwa lina lopanda chogwirira. Panalinso majekete awiri oyandama nawo pamadzi.

Uchizi ananyamula chingwe.

"Amalume, ichi chimalowa pati?"

Amalume anakanda mutu. "Kaya!"

Uchizi ananyamula thabwa.

"Nanga ili limalowa pati?"

Amalume anakandanso mutu. "Kaya! Ine ndimaphika, mwanawe. Botili ndinkangolionera pawindo la kukhitchini."

Ada anayamba kuliyendera boti. Anagogoda kutsogolo. Anagogoda kumbuyo. Kenako anaima pakati. Pakatipo panali kabokosi kopapatiza. Pamwamba pake panali bowo lalitali. Ada anasuzumiramo. Anaona mchenga pansi!

"Mayo ine! Boti lobooka!" anakuwa Ada. "Alamu, n'chifukwa chake anakupatsani!"

Amalume anasuzumira. Uchizi anasuzumira. Zoonadi, mchenga unkaoneka.

"Musadandaule," anatero Ada. "Izi ndiye ndimazidziwa."

Ku Kande msodzi aliyense amadziwa chochita ndi bowo. Bowo la pabwato amatseka. Ada anatenga nsanza. Anazikanikiza m'bowomo ndi kamtengo. Anasungunula phula n'kumatapo. Anamata bwino kwambiri. Ngakhale nyerere sikanalowa.

Kenako anayamba kumanga zotsalazo.

Chitsulo chachitali anachigoneka chopingasa. Sichinakwane. Anachigoneka m'litali. Chinagwa. Uchizi anaona kabowo kozungulira kutsogolo kwa boti.

"Mwina chimaima chilili?" anatero Uchizi.

Anachiimika. Chinalowa, khwi! Umenewo unali mlongoti.

Anakweza chinsalu pamlongoti. Kwakukulu kunali kumwamba. Kosongoka kunali pansi. Chinsalu chinalendewera ngati chitenje chonyowa.

Amalume anapendeketsa mutu. "Pawindo paja sichinkaoneka chonchi," anatero. "Kapena ndine ndinkapendeka?"

Anachitsitsa. Anachitembenuza. Anachikwezanso. Tsopano kosongoka kunali kumwamba.

"Eya! Thanga ndi limeneli!" anatero Ada.

Chitsulo chachifupi anachimanga kunsi kwa thanga. Mphepo inawomba pang'ono. Chitsulo chinazungulira. Chinawapeza amalume pamutu, gwa!

"Mayo! Ndalakwa chiyani ine?" analira amalume.

Uchizi anagwira pakamwa. Kuseka kunkafuna kutuluka.

"Chikamabwera tiziwerama," anatero Uchizi.

"Wanena mochedwa," anatero amalume.

Ada anatenga thabwa la chogwirira. Analitembenuza uku ndi uku.

"Kodi iyi ndi nkhafi? Alamu, munati silifuna nkhafi."

"Kaya!" anatero amalume, akusisita chotupa.

Uchizi anaona tizitsulo tiwiri pathabwalo. Anaonanso timphete tiwiri kumbuyo kwa boti. Tizitsulo tinalowa m'timphete. Thabwa linayamba kutembenuka, uku ndi uku.

"Oho! Ndi chiwongolero!" anatero Ada.

Tsopano kunatsala thabwa limodzi. Linali lija lopanda chogwirira. Analiyesa kutsogolo. Linakana. Analiyesa kumbuyo. Linakana. Amalume anakhalapo. Linaterereka, iwo pansi khu!

"Ili ndi la chiyani?" anafunsa Uchizi.

"Kaya!" anatero Ada.

"Kaya!" anatero amalume.

"Ine ndikudziwa," anatero Ama. "Ndi lotumbulirapo nsomba." Analinyamula n'kupita nalo kunyumba.

Ada ndi Uchizi anavala majekete. Anakwera m'boti. Amalume anakankha. Mphepo inadzaza thanga. Boti linayamba kuyenda!

Koma linkapita kuti? Mphuno yake inaloza kunyanja. Koma boti linkayenda cham'mbali. Linkayenda ngati nkhanu!

"Ada, tikupita kuti?"

"Kaya!"

Ada anakhotetsa chiwongolero uku. Boti linapita cham'mbali. Ada anakhotetsa uko. Boti linapitabe cham'mbali. Kenako linalowa m'mabango, tswa!

Analikoka. Anayesanso. Cham'mbali, cham'mbali, m'mabango tswa!

Anamasula zingwe. Anamanganso mwina. Anayesanso. Cham'mbali, cham'mbali, m'mabango tswa!

Ada anatsika. Anavula jekete. Anabwerera pansi pa mango paja. Anagonekanso nkhafi pamiyendo.

Amalume anabwerera ku loji, mutu uli wotupa.

Ama anawayang'ana Ada. Anapuma mozama.

"Botili likungowawitsa mtima bambo ako," anatero Ama. "Mawa ndikakumba chinangwa."

Uchizi anayang'ana pansi. Misozi inalengeza m'maso.

M'mawa mwake Ama anatenga khasu ndi dengu.

"Uchizi, katsuke thabwa langa kunyanja. Likununkha nsomba."

Uchizi anapita nalo. Analikwecha ndi mchenga. Mamba a nsomba anachoka. Koma kunsi kwa thabwa kunali kobiriwira. Anakwecha. Anakwechanso. Kubiriwira sikunachoke.

Uchizi anatopa. Anatsamiritsa thabwa paboti. Anakhala pamchenga. Kenako anayang'anitsitsa.

Kunsi kwa boti kunali kobiriwira. Kumwamba kunali koyera. Kunsi kwa thabwa kunali kobiriwira. Kumwamba kunali koyera.

"Aa! Zikufanana bwanji?" anadzifunsa Uchizi. "Boti limabiriwira chifukwa limakhala m'madzi. Ndiye kuti thabwali nalo linkakhala m'madzi. Koma linkafikamo bwanji?"

Uchizi anazungulira boti. Anazunguliranso. Chilichonse chinali ndi malo ake. Thabwa lokha linalibe malo. Ndipo bowo lokha lija linalibe cholowamo.

Uchizi anathyola bango. Anayeza m'lifupi mwa thabwa. Anayeza m'litali mwa bowo. Zinali chimodzimodzi!

Uchizi anathamanga. Mchenga unkauluka kumapazi.

"Ada! Ada! Tsegulani bowo lija!"

Ada anadzidzimuka. "Wati chiyani?"

"Thabwa la Ama limalowa mmenemo!"

"Iwe mwana, wadya chiyani lero? Ine nditsegule bowo paboti? Ndi manja angawa? Asodzi anzanga andiseka mpaka ku Tukombo!"

"Chonde, Ada. Tingoyesa."

"Madzi alowa. Timira."

"Tiyesa pamadzi osaya. Ofika m'mawondo basi."

Ada anapukusa mutu. Nthawi yomweyo Ama anafika. Pamutu anali atasenza dengu. Dengulo linali lodzaza chinangwa. Uchizi anachita mantha.

"Ama, dikirani kaye!" anatero Uchizi. "Lolani titsegule bowo. Boti likamira, inu mupindula. Mupeza madzi oviikira alimo kale."

Ama anaphulika kuseka. Dengu linatsala pang'ono kugwa. Kenako anawayang'ana Ada.

"Bambo a Uchizi, yesani," anatero Ama mofatsa. "Mukhala pansi pa mangopo mpaka liti?"

Ada anayang'ana boti. Kenako anaika nkhafi pansi. Anatenga mpeni.

Anapala phula. Anasolola nsanza. Ankasolola akung'ung'udza.

"Dzulo ndinatseka. Lero ndikutsegula. Mawa kaya ndichita chiyani."

Anakankhira boti m'madzi osaya. Onse atatu anasuzumira m'kabokosi. Madzi anayamba kukwera.

"Mwaona? Akulowa!" anakuwa Ada.

Madzi anakwera. Anakweranso pang'ono. Kenako anaima. Sanafike pakamwa pa kabokosi. M'boti munali mouma gwa.

Ada anapisamo dzanja. Anagwira pansi pa boti. Anadzigwira kumutu.

"Bowo lilipo. Madzi sakulowa. Zatheka bwanji?"

"Kaya!" anatero Ama.

"Kaya!" anatero Uchizi.

Uchizi ananyamula thabwa. Kobiriwira anakulozetsa pansi. Analiika pabowo. Thabwa linatsetsereka lokha, syuu! Linakwana ngati phazi mu nsapato.

Ama anatula dengu pamchenga. Anamanga chitenje molimba.

"Valani majekete. Kwerani. Ndikankha ndine."

Ama anakankha. Boti linafika pamadzi akuya. Uchizi anakanikiza thabwa mpaka pansi. Ada anagwira chiwongolero ndi dzanja losavulala. Uchizi anagwira chingwe cha thanga. Mphepo inadzaza thanga.

Uchizi anayang'ana mabango. Anadikira kumva tswa.

Koma mabango anatsala kumbuyo! Mphuno ya boti inaloza kunyanja. Boti nalo linapita kunyanja. Nkhanu ija inasanduka nsomba!

"Ada, likupita kutsogolo!"

"Ndikuona, mwanangu! Ndikuona!"

Madzi ankayimba kunsi kwa boti. Nyumba zinayamba kuchepa. Ama nawo anachepa. Ankangooneka dzanja, akubayibitsa.

Anafika pafupi ndi kachilumba ka miyala. Pamenepo ndi pomwe Ada ankawedza kale. Uchizi anafewetsa chingwe. Boti linaima. Ada anatunga madzi ndi dzanja. Anasukusula kumaso. Anasukusulanso. Uchizi sanadziwe ngati anali madzi okha.

"Yewo, Uchizi," anathokoza Ada m'chiyankhulo cha kwawo. "Yewo ukongwa."

Kenako anapisa m'thumba la kabudula. Anatulutsa chingwe ndi mbedza. Aa, kodi ankayenda nazo masiku onsewa? Anaikapo kanyambo n'kuponya. Anadikira. Chingwe chinagwedezeka. Anakoka onse awiri. Inali nsomba yonona bwino!

"Tsopano tibwerera bwanji?" anafunsa Uchizi.

Ada anayang'ana thanga. Anayang'ana chiwongolero.

"Kaya!"

Ada anakankha chiwongolero. Boti linazungulira. Chitsulo chija chinabwera.

"Weramani!" anakuwa Uchizi.

Onse anawerama. Chitsulo chinadutsa, fyuu! Boti linazunguliranso. Anaweramanso. Ada anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Uchizi anali atakuiwala kuseka kwa Ada.

Kenako mphuno ya boti inaloza kumudzi. Mphepo inawatenga bwinobwino. Atayandikira kumtunda, Uchizi anakweza thabwa. Boti linakwera pamchenga.

Ama anali pomwepo. Dengu la chinangwa linali pambali.

Ada anawapatsa nsomba ija. Ama anailandira ndi manja awiri. Anamwetulira. Kenako anakwinya nkhope mwadala.

"Choviikiramo chinangwa mwandilanda. Thabwa langa mwandilandanso. Nanga nsombayi nditumbulira pati?"

Ada anapita pansi pa mango paja. Anatola nkhafi yawo. Anaipukuta mchenga. Anaipereka kwa Ama.

"Tumbulirani apa, mayi a Uchizi," anatero Ada. "Ine sindikuifunanso."

Ama anagoneka nsomba pankhafi. Inakwana bwinobwino.

Uchizi anagwira dzanja la Ada.

"Ada, mudzapitanso liti panyanja?"

Ada sananene kuti kaya.

"Mawa, mwanangu," anatero Ada. "Mawa m'mawa."