Nachete Ameta Pansi pa Tebulo

Panali mtsikana wina wosalankhulalankhula. Anthu ankamutchula Nachete. Nachete ankafuna kudzakhala wometa tsitsi ngati bambo ake.

Koma Nachete anali ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa otizimu. Phokoso linkamupweteka m'makutu. Makina ometera akangolira, iye ankathawira pansi pa tebulo.

Azakhali ake ankaseka. "Achimwene, wometa woopa makina? Ameneyo ndi mphaka woopa mbewa. Uyu tidzangomudyetsa mpaka imvi."

Nachete ankamva zonse. Wofatsa si wogontha.

Tsiku lina kometera kwa bambo kunabwera mayi wina ndi kamnyamata. Tsitsi la kamnyamatako linali tchire. Mbalame ikanaikiramo mazira.

"Ometa onse atibweza," anatero mayiyo. "Kusukulu akuti asabwerenso chonchi."

Bambo anayatsa makina. Kamnyamata kanakuwa. Kanathawira pansi pa tebulo. Kanapeza malowo ali ndi mwini wake kale.

Nachete anasendera pang'ono. Sanakagwire. Sanakayang'ane m'maso. Mantha amenewo ankawadziwa bwino.

"Ababa, zimitsani makina," anatero Nachete. "Zimitsani wailesi. Bwerani ndi sizasi."

"Pansi pa tebulo?"

"Pansi pa tebulo."

Bambo anagwada. Mawondo awo anadandaula. Koma anakwawa ndithu.

"Musamudzidzimutse," anatero Nachete. "Ndizimuuza kaye."

"Tsopano kumbuyo." Sizasi inati kwe.

"Tsopano pakhutu." Sizasi inati kwe.

Tchire linatha. Mutu unaoneka. Mayi uja anapukuta misozi. "Zikomo, mwanangu," anatero.

Zaka zinapita. Nachete anakula. Lero ali ndi malo akeake ometera. Mulibe makina. Mulibe wailesi. Muli tebulo lalitali. Ana oopa phokoso amabwera ambiri.

Tsiku lina azakhali anatulukira. Anali ndi mdzukulu wawo, nayenso woopa makina.

"Ine ndinkadziwa kuti mwanayu adzapita patali," anatero azakhali mokweza.

Bambo anali pabenchi. Anangotsokomola.

"Azakhali, muno timanong'ona," anatero Nachete.

Azakhali anatseka pakamwa. Mdzukulu anametedwa osalira.

Nachete anakhala pafupi ndi bambo ake. "Ababa, zikomo kuti munagwada tsiku lija."

"Mawondo anga sanaiwale," ananong'ona bambo. "Koma wothokoza ndine. Chibadwire sindinawaonepo azakhali akowa ali chete."