Kamuvi Kogona pa Ziro

Amake Sipanala anali atagwada pa beseni kukhonde, akukwecha ovolosi ya mwana wawo ndi burashi, pamene foni inalira. Kunja kunali kutada kale. Girizi sachoka ndi sopo yekha, amafuna madzi otentha ndi msana wa munthu, ndipo msana wawo unali utatha kalekale.

Woimbayo anali mwini galaja imene mnyamatayo ankagwirako ntchito, bambo wachikulire amene aliyense ankangomutcha Mdala.

"Mayi, yalira," anatero Mdala. "Galimoto ya malemu amuna anu ija. Mwana wanu wailiza, ndipo akuti usiku womwe uno akaiyesa pamsewu waukulu. Ine ndayankhula mpaka malovu auma. Bwerani, mwina inu akumverani."

Anapukuta manja pa diresi, nasiya ovolosi m'madzi, mwendo umodzi woyera, wina wakuda bii.

Galimotoyo inali ya mipando iwiri, yaifupi ngati yagwada, yofiira kale koma tsopano ya mtundu wa dzimbiri. Galimoto yopanda nzeru. Simunganyamulemo katundu, simunganyamulemo wodwala, ntchito yake n'kuthamanga basi. Bambo ake a Sipanala anaigula ili yakufa kale, ndipo anamwalira asanaimve ikulira. Mwana anatengera matenda a bambo ake. Injini yakale anaizula ndi unyolo, n'kukapeza ina yatsopanoko, pamodzi ndi giyabokosi yake, kwa wogulitsa zitsulo za magalimoto ochita ngozi. Sizinkalowa. Anadula, anabowola, anawotcherera, mpaka zinalowa mokakamiza. Ndipo ovolosi zonsezo ankachapa ndani?

Anamupeza mwanayo atatsegula boneti, nkhope yonse girizi, mano okha mbee.

"Amayi! Mwafika nthawi yabwino. Tamverani nyimbo iyi!"

Anaponda moto. Malata a galaja ananjenjemera, zitini za oyilo zinavina pashelefu.

"Zimitsa chinthucho ndiyankhule!"

Anazimitsa, koma kumwetulira sikunazime.

"Mufunseni za kamuvi," anatero Mdala, atakhala pa tayala lakutha. "Galimoto yakaleyi imadziwa liwiro ndi kawaya kochokera ku giyabokosi. Giyabokosi yatsopanoyi ilibe poloweka kawayako. Ndiye kamuvi kosonyeza liwiro kangogona pa ziro. Injini ya mkango, mabuleki a mbuzi, maso alibe."

"Ndiye ubwino wake umenewo, amayi," anaseka Sipanala. "Apolisi akandiimitsa ndingowalozera: onani bwana, ziro, ine ndaima! Liwiro ndimalimva m'makutu ine."

"Makutu amene sukumva nawo mayi wakowa? Iwe, ndinaika bambo ako m'manda. Sindikufuna kukaikanso wina. Ndatopa ine."

"Kungofika kunja kwa tauni n'kubwerera, basi. Kwerani ndikakutuleni kunyumba, mpando winawu ulibe munthu."

"Ndikwere bokosi la maliro ndikadali moyo? Miyendo ndili nayo. Ndipatse kiyi."

Mnyamatayo anaika kiyi m'thumba la buluku, n'kuyamba kupukuta galasi ndi chiguduli. Mwana ukamubereka n'kukula kukuposa msinkhu, ungamutani? Mayiwo anatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera, wapansi, okha.

Masitolo onse anali atatseka. Anadutsa pomwetsera mafuta, pamene nyali za mumsewu zimathera, ndipo kuchokera pamenepo kunali mdima mpaka kumlatho. Msewuwo umatsika, kenako umakhota kwambiri usanalowe pamlathopo. Ankayenda akulankhula okha, kukalipira mwana, kukalipira malemu, kukalipira wogulitsa zitsulo amene sanamuoneko n'komwe.

Atayandikira mlatho anasiya kulankhula.

Achule anali chete. Madzi okha pansi.

Pakati pa mlatho panali nyali imodzi yothimathima, ndipo pansi pake panaima munthu. Anali atatsamira chitsulo chotchinga m'mbali, akuzunguza kiyi pa chala. Mnyamata wa jekete yachikopa, tsitsi lometedwa bwino kwambiri, mzera wowongoka ngati wa lula.

Njira ina kunalibe. Anagwira foni mwamphamvu n'kupitiriza.

Fungo linawapeza poyamba. Petulo... ndi matope a mumtsinje.

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero munthuyo mwaulemu.

"Ndaswera." Sanaime.

"Yalira, eti?"

Miyendo inaima yokha.

"Ndinaimva," anapitiriza munthuyo, maso ali kumsewu wochokera kugalaja. "Ndinkadziwa kuti idzaliranso. Injini yabwino imene ija. Siikalamba."

"Ndinu mnzake wa mwana wanga?"

Kiyi inkangozungulira pa chala. Koma sinkalira. Zitsulo zikugundana, phokoso ayi.

Anayang'ana pansi. Phazi limodzi la munthuyo linali ndi nsapato. Lina sokosi yokha, yonyowa. Madzi ankadontha kuchokera mu jekete... donthu... donthu... Mvula inali isanagwe mwezi wonsewo.

"Kamuvi kanali pa ziro, amayi," anatero munthuyo, mawu ake ngati a mwana wopepesa. "Ine ndinkaona ngati ndikuyenda pang'onopang'ono."

Tsitsi linawaima.

Kutali kunamveka kulira kwa injini.

Munthuyo anaweramitsa mutu kumvetsera, namwetulira.

"Ndi imeneyo. Tamverani... akalowetsa giya yachitatu imatsokomola kamodzi."

Inatsokomola!

Anathawa. Mayi wa msana wakutha anathamanga ngati mtsikana, patapata imodzi inatsala pamlatho. Atafika tsidya lina nyali za galimoto zinawamenya kumsana. Anatembenuka, anakweza manja onse awiri, anaitana mwana wawo mpaka kukhosi kuwawa.

Galimoto inadutsa ngati mphepo. Anamuona bwinobwino Sipanala pa chiwongolero, akuseka, akuwaimbira hutala.

Ndipo pa mpando wina uja... mpando umene iwo anaukana...

Jekete yachikopa!

Anayang'ana pamlatho. Nyali ikuthimathima. Pansi pake palibe munthu.

Kunyumba sanagone. Anakhala pa mpando wa kukhitchini, foni ili patebulo, akuimba, ikuitana, osayankhidwa. Anapemphera, kenako anakalipa, kenako anapempheranso. Pakati pa usiku anamva injini ija kutali ikubwerera, ikukwera mawu, ikukwera. Inatsokomola kamodzi. Kenako sanamvenso kanthu.

Anakhalabe pa mpandopo. Munthu amadziwa, koma malinga ngati wina sanagogode pachitseko, zimakhala ngati sizinachitike.

Kutacha Mdala anafika, chipewa chili m'manja, buluku lonyowa mpaka m'chiuno. Sanagogode. Anangoima pakhonde pafupi ndi beseni.

"Nenani," anatero amake Sipanala.

"Pamlatho, mayi. Pokhota paja. Tamutulutsa m'madzi m'bandakucha. Watisiya."

Mayiwo sanalire. Misozi imafunanso mphamvu.

"Winayo mwamupeza?"

"Wina uti? Anali yekha."

"Anali awiri. Ndinawaona ndi maso angawa. Wa jekete yachikopa, wometa bwino. Nsapato imodzi."

Chipewa chinagwa m'manja mwa Mdala. Anakhala pansi pa sitepe.

"Mayi, ameneyo ndi wometa tsitsi uja anali ndi kashopu pafupi ndi pomwetsera mafuta. Injiniyi anayamba kuigula ndi iyeyo. Nayenso anaiika m'kagalimoto kakale, nayenso kamuvi kosayenda. Anagwera pamlatho pomwepo, mwana wanu akadali pasukulu. Ndinali nawo pomuvuula. Nsapato inayo sitinaipeze." Anapukuta kumaso. "Injiniyo yakhala zaka zonsezi kwa wogulitsa zitsulo, itafundidwa lona. Tsiku limene mwana wanu anabwera nayo ndinaizindikira. Ndinamuuza. Anandiseka, akuti Mdala, chitsulo sichikumbukira."

Amake Sipanala anayang'ana kumsewu. Ana a sukulu ankadutsa, wina akupalasa njinga, dzuwa likutuluka ngati tsiku lililonse.

"Nanga injiniyo?"

Mdala anatola chipewa chake.

"Galimoto yatheratu, mayi, yapindika ngati chitini. Koma injini... ilibe ndi kachilema komwe. Pamene timaikoka, mnyamata wina anali pamenepo, akuisisita ndi dzanja. Wandifunsa kale ngati mugulitsa."

"Ali ndi mayi?"

"Sindikudziwa."

"Ali naye," anatero. "Onse ali nawo."

Mdala ananena zoti mayiwo akufunika kuchipatala, kukaona thupi ndi kusaina. Anagwedeza mutu kuti amva. Koma m'malo molowa m'nyumba kukasintha, anagwada pa beseni. Madzi anali atazizira, mafuta atayandama pamwamba. Anavuula ovolosi ija, anayala mwendo wakuda uja pa thabwa, napaka sopo.

"Mayi, tiyeni. Zimenezo zisiyeni."

"Dikirani kaye," anatero, osadzutsa mutu. "Girizi akagonera sachoka."

Burashi inayamba kukwecha pa bondo.