Mwana Asagone Dzuwa Lili Kunja

Mkazi wa dalaivala ankaanula matewera pachingwe madzulo amenewo, khanda lake la miyezi isanu likulira kumsana ngati walitsina. Kunena zoona anali atalitsinadi, kawiri konse chichokereni masana. Sanali mayi wankhanza ayi. Amayi onse a makanda m'mudzimo ankachita zomwezo.

Zinayamba atamwalira mwana wa kalipentala. Anagona bwinobwino, m'mawa n'kumupeza atazizira, wopanda bala, wosadwala n'komwe. Patatha milungu iwiri, wa aphunzitsi naye anapita chimodzimodzi. Amene anasambitsa timitemboto ankanong'ona kuti tinkanunkha tsitsi lopserera, ndipo ena ankati masiku onse awiriwo agalu sanauwe, ankangolira chapansipansi kuseri kwa nyumba. Kenako panabuka mphekesera yopanda mwini: mfiti imayendera masana kudzaika chizindikiro pa mwana amene wagona, usiku n'kudzangonyamula. Ndiye mwana asagone dzuwa lili kunja.

Anthu akagwidwa ndi mantha amamvera chilichonse, ngakhale chopusa. Mudzi wonse unadzaza phokoso la zitini za miyala zogwedezera kukhutu kwa makanda. Dalaivala uja anali paulendo wautali, choncho mkazi wake wachitsikanayu ankakhala ndi apongozi ake, ndipo iwo ndiwo ankagwedeza chitini mwakhama kuposa aliyense.

"Asatseke maso ameneyo! Mupukuteni ndi madzi ozizira!"

"Amayi, watopatu."

"Bola kutopa. Mukufuna tikamuike kumanda?"

Koma usiku ukafika mwanayo sankagona. Maso ali psuu, ankadzipinda chagada, kukana bere, kusinza pang'ono n'kudzidzimuka ndi mfuu. Ankalira mpaka mawu kusasa. Tambala woyamba akalira m'pamene onse awiri ankagwa ngati mitembo, moti denga likanagwa sakanamva. Pofika sabata yachiwiri mayiyo ankalira limodzi ndi mwana wake, ndipo tsiku lina anadzipeza ataima pachitsime osakumbuka chimene wabwerera.

M'mawa wotsatira anatenga nsalu yong'ambika ngati chonamizira n'kupita kwa mayi telala, amene analera ana asanu ndi awiri pambali pa makina ake osokera. Telalayo sanayang'ane nsaluyo. Anayang'ana khanda, likudzikoka khutu n'kumayasamula.

"Mwanayu sakudwala, achemwali, watopa mopitirira. Khanda likapyola nthawi yake yogona, tulo timathawa. Mukaona akutikita maso, akuyang'ana kumbali, musadikire kuti alire. Tsekani katani, mumuyamwitse, mumusisite pamsana mwakachetechete. Akagona masana, ndiye kuti usikunso agona."

"Nanga mfiti ija?"

Telalayo anasiya kupalasa makina n'kusuzumira pakhomo.

"Amake a ana awiri aja ndinacheza nawo. Onse anali atatha masiku osagona, ana akuwavuta. Usiku umenewo palibe anamva kanthu. Tsono inu ganizani, amene wauza mudzi wonse kuti usagone masana akufuna atope ndani, mwana kapena mayi?"



Kuyambira tsikulo anayamba kuba tulo. Apongozi akanyamula khasu kupita kumunda, iye ankatseka chitseko ndi katani, n'kugona pamodzi ndi mwana wake. Tsiku loyamba khanda linalimbana naye ola lathunthu. Lachiwiri linagona lili pabere. Akamva khasu likugwera pakhonde ankadzuka msanga n'kugwedeza chitini, nkhope ataikwinya ngati wotopa. Ankaopa kwambiri. Mwina mphekesera ija inali yoona, mwina iye mwini ndiye ankapereka mwana wake.

Tsiku lachitatu mwanayo anagona kutangoda, kupuma kwake kuli myaa. Mayiyo anazimitsa nyali koma tulo sitinabwere, poti anali atagona kale masana. Anangotseka maso, dzanja lili pachifuwa cha mwana.

Agalu anayamba kulira chapansipansi. Kenako kunamveka mapazi opanda nsapato, osati panja ayi, m'nyumba momwemo. Katani wa pakhomo la chipinda anagwedezeka, ndipo fungo la tsitsi lopserera linalowa mpaka kukhosi. Wina anaima pambali pa bedi, anawerama, n'kuyamba kuchotsa zala za mayiyo pachifuwa cha mwana, chimodzichimodzi, mosafulumira, ngati munthu wozolowera ntchitoyo.

Mayiyo anagwira dzanjalo. Linali lozizira, lokhakhala ndi khasu.

"Ndili maso, amayi."

Apongoziwo sanathawe, sanakuwe, sanadzikanire. Anasolola dzanja lawo pang'onopang'ono, anakoka mpando wa pakona, n'kukhala pakhomo la chipindacho, njira yokhayo yotulukira. Mtsikanayo anakumbatira khanda lake, lomwe linali m'tulo tokoma ta usiku kwa nthawi yoyamba m'milungu itatu. Kunja kunali kusanayambe n'komwe kuyera.

"Khalani maso, mwanangu," anatero apongoziwo mofatsa. "Ine ndinagona kumunda tsiku lonse."