Maluwa Oyera Pansi pa Matayala

Mateus anachoka padambo paja mdima utagwa kale, ndipo chomwe chinamuchedwetsa ndi matama basi. Galimoto ya kuntchito inali itatitimira m'matope mpaka m'mimba kuyambira masana. Alendo omwe anawanyamula anatengedwa ndi galimoto ina, akuseka, akuonetsana zithunzi pafoni. A Macloud, abwana ake a kumalo ogona alendo kunyanja kuja, anamuimbira n'kumuuza kuti asavutike. "Isiye pomwepo. Mawa m'bandakucha ndituma thirakitala idzaikoke, ikumbenso pamalopo kuti dzenje likule. Alendo akupakonda pamenepo." Koma dalaivala wotchuka ngati Mateus akokedwe ndi thirakitala anzake akuona? Anatenga fosholo ndi jeke n'kuyamba kulimbana nayo yekha. Dzuwa linapendeka, linalowa, galimoto ili phee. Pomaliza anaitukwana, n'kukiya zitseko, n'kuuyamba wapansi kulowera kumudzi kwawo kutsinde kwa phiri.

Njira ankaidziwa, nanga si anaitsegula ndi iye yemwe? Nkhalango imeneyi ili m'mapiri a kum'mawa kwa boma la Mangochi, cha kumalire, ndipo kale munkangodutsa tinjira ta ofuna bowa ndi masuku. Kenako kunabwera chisangalalo chatsopano: Loweruka lililonse anthu a ndalama zawo kukwera zigalimoto za matayala akuluakulu ndi njinga zamoto za miyendo inayi, kukabangula m'tchire. Mateus ndiye ankatsogolera. Njira imodzi ija inabereka ana ndi zidzukulu, chifukwa aliyense akaona dzenje ankalizemba n'kuboola pake. Pachimake pa ulendo wonse panali padambo paja. Mvula yoyamba ikagwa, pamenepo pankamera maluwa oyera mbee, a mizu yonga anyezi, omwe sankapezeka kwina kulikonse m'phirimo. A zankhalango anabwerapo kudzawajambula, n'kuzika tizikhomo mozungulira. Tizikhomoto sitinathe sabata. "Duwa si ndiwo," Mateus ankatero, uku akuzunguliza galimoto pamatope, alendo akukuwa ndi chimwemwe. Chaka ndi chaka maluwa aja ankachepa, ndipo chaka chimenecho anangotuluka kachigulu kamodzi kokha, pomwe galimoto inatitimira.

Musamuyese munthu wouma mtima. Anali ndi chilonda chake chomwe sankaonetsa. Mateus anabadwira kutsidya kwa malire nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Makolo ake anathawa naye ali khanda, ndipo mayi ake, a Lusia, anamwalira panjira m'phiri lomweli. Bambo ake, a Albino, anawaika mothamanga usiku, pamalo omwe sankawadziwa n'komwe, n'kuzikapo mtanda wa timitengo. Pomwe ankadzabwerera kudzafuna, chiswe chinali chitadya mtandawo kalekale, ndipo tsopano mkuluyo maso anachita khungu. Mwezi wa Novembala uliwonse, Akatolika anzake akamapita kukalambula manda a makolo awo, Mateus ankangokhala pakhonde n'kumakonza zinthu zosawonongeka. Zinkamuwawa zedi. Ntchito ya m'tchireyi anaikondera chomwecho: manja ali pachiwongolero, maso ankasakasaka kamulu ka miyala kapena kachulu kooneka ngati manda.

Anayatsa tochi ya pafoni n'kumatsata mzere wa tayala. Mwezi kunalibe. Atayenda kamtunda ndithu, anazindikira chinthu chomwe masana phokoso la injini linkamubisira: nkhalango inali zii. Ali mnyamata, akachedwa kotola nkhuni, muno munkakhala ngati pamsika. Changa kulira m'mitengo, lumbe kuuluka kutsogolo kwa mapazi, nguluwe kufwenthera m'zitsamba, gwape kudumpha n'kukusiya mtima uli m'malere. Tsiku limenelo ngakhale chule sanayerekeze. Ankangomva jombo zake, thapsa, thapsa, ndi mpweya wake womwe.

Anaponda chinthu. Phwa! Ataunika anaona chigoba cha kamba chitaphwanyika pakati pa mzere wa tayala, nyerere zili yakaliyakali. Analavula n'kupitirira, akuimba kanyimbo ka mluzu kodzilimbitsa. Koma mluzu wa munthu wamantha suchedwa kutha.

Njira inagawikana. Anatenga ya kumanja. Patsogolo inagawikananso patatu. Masana zonsezi ankazidziwa ngati njira ya kuchimbudzi kwawo, koma usiku mizere ya matayala imafanana yonse. Anabwerera. Anapatuka. Anabwereranso. Foni inalira kuti batire yatsala pang'ono.

Kenako fungo. Fungo lokoma, lozizira... fungo la maluwa aja. Koma dambo analisiya kutali kumbuyo! Anawonjezera liwiro. Fungo likukulirakulira. Tochi inagunda chinthu chonyezimira kutsogolo kwake. Galasi.

Galimoto yake yomwe!

Njira zake zomwe zinali zitamuzunguliza n'kumubwezera pomwe anachoka. Anafuna kudziseka, koma maso ake anagwera pa chinthu china. Pafupi ndi tayala la kumbuyo panali munthu. Atagwada. Akufukula matope ndi manja.

Anali mkazi wamng'ono thupi, wowonda, wopanda nsapato. Ankatola timizu ta maluwa tophwanyika, kutipukuta, n'kutibwezera m'nthaka kamodzikamodzi. Kumsana anali atamanga mbereko, nsalu yabuluu ya tinsomba tachikasu, yong'ambika mbali imodzi. Thupi lake linkagwedera uku ndi uku monga achitira mayi wotonthoza mwana.

"Chemwali," mawu a Mateus anatuluka opyapyala, "mukutani kuno nthawi ino?"

Mkaziyo sanacheuke.

"Chotsani chitsulo chanuchi, bambo. Chikundilemera pachifuwa."

Kalankhulidwe ka mkaziyo kanali kaja ka kutsidya, komwe kanatsala ndi okalamba okha a m'mudzi mwawo. Wamisala uyu, Mateus anadziuza. Wamisala wasochera basi.

"Kwanu n'kuti? Tiyeni ndikuperekezeni, mwanayo angazizidwe..."

Anaunika kumsana kwake.

Munalibe mwana! Mbereko inali yomangidwa bwinobwino, mfundo ili pachifuwa, koma kumbuyo ili lende, yopanda kanthu. Ndipo mkaziyo akugwedezabe. Akugwedezabe.

"Kale agwape ankabwera kudzagona pambali panga," anatero motsitsa mawu, manja ali m'matope. "Ndinkamva kutentha kwawo. Nkhanga zinkandiuza kuti kwacha. Mwathamangitsa zonse. Tsopano ndimangomva mabingu anuwa pamwamba panga."

Mateus anafuna kubwerera m'mbuyo. Anayang'ana pansi. Iye matope anali atamufika m'akakolo. Pomwe anagwada mkaziyo panalibe ngakhale chizindikiro cha bondo.

"Chaka chilichonse ndimatulutsa maluwa, kuti mwana wanga akadzabwera kudzandifuna andione. Inu n'kuponda. Nditulutse, inu n'kuponda. Awa ndi otsiriza, bambo. Ndilibenso ena."

Apa anatembenuka. Pang'onopang'ono... Nkhope ya mtsikana, wosafika n'komwe msinkhu wa Mateus. Mpata pakati pa mano a kutsogolo. M'tsitsi muli dothi. M'makutu muli dothi. Ndipo maso... maso anali otseka! Otseka, koma akumuyang'ana.

"Simunamuone mwana wanga? Ndi wamng'ono. Sanayamwe."

Dzanja linatambasuka n'kumugwira pamkono. Lozizira ngati mwala wa pansi pa mtsinje.

Foni inazima. Bii!

"Mayo!"

Analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Za njira anaziiwala. Anangolunjika kutsetsereko, kuboola zitsamba, minga ikumukwapula kumaso. Anagwa. Anadzuka. Anagunda mtengo. Anagwanso. Kumbuyo kunalibe mapazi omuthamangitsa, ayi. Kunali mawu okha, otsika, osakwiya, omutsatira ngati ali pakhutu pomwepa: "Chikundilemera... chikundilemera..." Kunali bwino akanamutukwana.

Anafika pakhomo malaya ali nsanza, nkhope ili magazi. Anakankha chitseko n'kuchitseka ndi msana. Bambo ake anali m'maso, atakhala pamphasa, korona ili m'manja. Kwa munthu wosaona, usiku ndi usana n'chimodzimodzi.

"Ndiwe Mateus? Bwanji ukupuma ngati wathamangitsidwa ndi njati?"

"Ababa... ndaona chinthu kuphiri."

Anafotokoza moduladula: za galimoto, za njira zomuzunguliza, za mkazi wofukula matope pakati pa maluwa oyera. Za zomwe mkaziyo ananena sanathe kuzibwereza zonse. A Albino ankangomvetsera, zala zikuyenda pakorona. Koma atafika pa mbereko, zalazo zinaima.

"Bwereza. Nsalu yotani?"

"Yabuluu, ababa. Ya tinsomba tachikasu. Yong'ambika mbali imodzi."

"Nanga mano ake?"

"Mpata kutsogoloku."

Korona inagwera pamphasa. Mkuluyo anakwawa mpaka pakona, n'kupapasa kabokosi kake kachitsulo komwe sankalola munthu kukakhudza. Anatulutsamo kansalu kopindidwa. Mateus anayatsa nyali. Mtundu wa nsaluyo unali utafwifwa, koma tinsomba tinalipo, kamodzi kodukira pakati, pomwe nsalu inang'ambidwira.

"Inali mbereko yako iyi," a Albino anatero, akuisisita pabondo. "Usiku umenewo ndinaing'amba pakati. Theka ndinamufunditsa, theka ndinakuberekera iwe. Pangodya ya theka lakelo anali atamangapo timizu ta maluwa a pakhomo pathu kumudzi. Ankati akatidzala komwe tikafike, kuti pazikanunkhira kwathu. Ndinamuika nato. Ine sindinaganizepo kuti tingamere..." Anatembenukira kwa mwana wake. "Amako amenewo, Mateus. Lusia ameneyo. Anamwalira iwe usanamere dzino."

Mateus anakhala pansi osadziwa kuti wakhala. Moyo wake wonse, akaganiza za mayi ake, ankaona nkhalamba ya imvi ngati amayi a anzake. Sizinamufikepo m'mutu kuti wakufa sakalamba. Zaka zonsezi iye ali kalikiliki kufuna kamulu ka miyala, mayi ake ankamuitana ndi maluwa mvula iliyonse, iye n'kumazunguliza galimoto pamwamba pawo alendo akuwomba m'manja. Mantha aja sanachoke. Anangosuntha pang'ono kupereka malo kwa manyazi ndi chisoni.

Koma nkhope ya mkuluyo inali itawala, misozi ikutsika m'maso osaonawo.

"Ndiye kuti wapezeka! Ambuye ngabwino, wapezeka! Maluwawo achuluka eti? Zaka zonsezi ayenera kuti adzaza dambo lonse. Kukacha undigwire dzanja, mwana wanga, ndikawanunkhize ndisanafe."

Mateus anayang'ana jombo zake pakuwala kwa nyali. M'matope omata kuchidendene munali timasamba toyera ta duwa, topondedwa. Awa ndi otsiriza, ndilibenso ena. Ndipo thirakitala ya a Macloud inali yoti ifika m'bandakucha, kudzakoka ndi kudzakumba.

Anadzuka. Anatenga khasu kuseri kwa chitseko, ananyamula nyali, n'kutsegula. Kunja kunali bii, phiri lili zii, ndipo kamphepo kochokera kumeneko kankabweretsa fungo lija.

"Ukupitanso kuti usiku uno?" anafunsa a Albino.

"Kukachotsa galimoto, ababa. Ikuwalemera amayi."