Chitsulo cha m'Chigwembe

Bizwick, mkulu wa ku Dedza wogula zitsulo zakutha, ananyamuka m'mudzi wina wa ku Bolero mdima utagwira kale. Umbombo, abale inu! Tsiku lonse analithera m'chigwembe cha kuseri kwa manda, kufukula chibuma cha chitsulo chimene madzi a mvula anavundukula. Lole yotengera zitsulo kufakitale yosungunulira inkanyamuka pa Boma mbandakucha, ndiye mkuluyu anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti imeneyo simusiya.

Njinga yake inali yosakwereka ndi kulemera kwa chitsulo chimene anachimanga pakaliyala. Ankangoikankha, thukuta lili kamukamu.

Asanapite patali, pa kamlatho, anamva fungo la mphira wopserera. Anakhudza chitsulo chija... Mayo! Kutentha ngati mbaula. Usiku wozizira chonchi?

"Monile, adada."

Pambali pake panali munthu. Ovololo yabuluu, chisoti chakuntchito, majombo akuluakulu. Koma mapazi osamveka.

"Mukupita nacho kuti?" anafunsa mlendoyo.

"Ku... ku Boma, achimwene. Akachisungunule."

"Kumoto ndinalowako kamodzi. Kumawawa chomene. Musandibwezereko."

Bizwick anakankha njinga ndi mphamvu zonse. Osasuntha. Tayala linayamba kufuka utsi. Anacheuka... Palibe munthu! Njinga anaitaya pomwepo, naliyatsa liwiro la mtondo wadooka, mpaka kukagwera pakhomo loyamba limene linkayaka nyali.

Anatsegula ndi mayi wachikulire, a Nyamsiska. Bizwick anafotokoza zonse. Atangotchula chigwembe cha kuseri kwa manda, mayiwo anakhala pansi, manja ali kumutu.

"Ndi mwana wanga Hopeson ameneyo," anatero. "Ankagwira ntchito kufakitale ya zitsulo ku Joni. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo anaterereka n'kugwera mumphika wa chitsulo chosungunuka. Sipanatsale ngakhale fupa loti tilire. Anzake anatapako pang'ono, chitazizira anatitumizira m'bokosi. N'chimene tinaika m'manda."

Bizwick mantha anali nawo, koma manyazi ndiwo anamupweteka kwambiri. Ha, munthu wamkulu ndithu, kukweza mwana wa eni pakaliyala kuti akamuotchenso!

"Pepani, amayi, sindinadziwe..."

A Nyamsiska anadzuka. Anamanga chitenje, natenga nyali.

"Dzukani, adada. Khasu lili apo. Mwana wanga sagona pamsewu."