Ababa Anakhuta ku Ferrara

Ababa atapuma pa ntchito ya njanji, ndinawatenga kuti akaone mizinda yakale imene kwa zaka makumi atatu ankangoidutsa pa sitima. Ku Siena tinakwera nsanja. Ku Bologna tinadya mpaka Ababa anamasula lamba. Lachisanu tinafika ku Ferrara.

Tsiku lonse tinazungulira linga lakale la mafumu. Madzulo kunagwa nkhungu yoti sungaone ndi phazi lako lomwe. Tinasokera. Malo odyera amene tinkawapeza anali atatseka kale.

"Loredana, iwe ndi mapu akowo mundipha ndi njala," anatero Ababa akuseka.

Tinalowa m'kanjira kamiyala, kopapatiza. Kenaka tinamva fungo la batala wotentha ndi maungu. Chitseko chimodzi chinali chotsegula. M'katimo munali tebulo lalitali, anthu asanu akudya. Mafoloko ankagunda mbale, koma phokoso silinkamveka.

Mayi wina wovala epuloni anatilandira. Analibe nsapato. Mapazi ake anali onyowa.

"Khalani apa, a Settimio," anatero.

Dzina la Ababa sitinamuuze.

Anabweretsa mbale imodzi yokha ya pasta ya maungu, utsi uli tolotolo.

"Nanga mwana wangayu?" anafunsa Ababa.

"Ameneyu ayi. Yake sinapse."

Ndinafuna kuwagwira dzanja Ababa, mkono wanga unakana kunyamuka. Ndinafuna kunena kuti tiyeni tizipita, lilime linangouma. Ndinakhala pomwepo ndikuwaonerera akudya, akumwetulira, akupukuta mbale ndi buledi. Anthu asanu aja anali atasiya kudya. Onse ankayang'ana pakamwa pa Ababa.

Mmene tinatulukira sindikudziwa. Kutacha, bambo wosesa msewu anatipeza titakhala pansi, titatsamira khoma la njerwa. Chitseko panalibe. Zala za Ababa zinali ndi mafuta.

"Adya?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinavomera ndi mutu.

"Nanga inu?"

"Ayi."

Anachita chizindikiro cha mtanda n'kupitiriza kusesa, osatiyang'ananso.

Mayi wogulitsa buledi pakona ndiye anandinong'oneza. Akuti kalekale pamenepo panali nyumba yodyera, ndipo mwini wake anamira m'ngalande chakudya chili pamoto. Akuti kukagwa nkhungu amaphikabe. Ndinamufunsa chimene chimawachitikira odyawo. Anangondiikira buledi wina m'thumba, nati ndipite ndi Ababa kwathu msanga.

Lero ndi tsiku la khumi ndi chiwiri Ababa osalawa chakudya. Madokotala awapima paliponse, matenda sakuwapeza. Thupi likungotha. Ndimawaphikira msuzi wa nkhuku umene ankaukonda, ndimauzira supuni, n'kuifikitsa pamlomo pawo. Iwo amaikankha pang'onopang'ono, n'kundisisita tsaya.

"Ndakhuta, mwanangu. Idya ndiwe."