Chipika cha Pansi pa Bogi

Safia anazungulira bwalo lonse la fakitale yocheka matabwa, koma mtolo wake unali wochititsa manyazi. Anzake anali atalawirira n'kutola zidutswa zonse, pomwe kunyumba mayi ake ankadikira nkhuni zowambira utaka. Ali pafupi kutaya mtima, anaona chipika chouma bwino chitapanikizika pansi pa gudumu la bogi ya sitima yodzaza matabwa, pa kanjanji kopatukira m'fakitalemo. Anachigogoda ndi mwala mpaka chinaguluka, n'kuchilowetsa pakati pa mtolo.

Sanapite patali. Kumbuyo kwake zitsulo zinayamba kulira. Bogi ija inali kuyenda yokha, pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta, kulowera kumunsi kumene njanji imadutsa msewu wa kudoko. Apo n'kuti amayi a mabeseni a nsomba ali piringupiringu panjirapo.

"Chokani panjanjipo!" anakuwa a Eduardo.

A Eduardo anali bambo wa ku Katuli amene ankalumikiza ndi kuimika mabogi pamalopo. Ana ankawaseka chifukwa chotsimphina, koma tsiku limenelo kutsimphinako palibe anakuona. Anathamanga, nadziponya pamakwerero a bogi, n'kuyamba kupotokola chitsulo cha mabuleki ndi manja onse awiri. Thabwa lina linatsetsereka n'kuwang'amba phewa, iwo osasiya. Bogi inalira kwiii, n'kuima pamphuno penipeni pa amayi aja, usipa uli mbwee pansi.

Kapitawo wa fakitale, a Swadick, anafika ali wefuwefu.

"Inu a Eduardo, bogi amaisiya yosatchinga? Mukanapha anthu! Ntchito yanu yathera pano."

"Ndinatchinga, bwana."

"Nanga chipikacho chili kuti? Chamera miyendo?"

Maso a a Eduardo anagwera pa mtolo wa Safia, pomwe nsonga yakuda ndi girisi inali kusuzumira. Anayang'ana nkhope ya mtsikanayo, kenako anazolika.

"Kaya, ukalambawu. Mwina ndinaiwaladi."

Safia zinamulasa mumtima. Munthu amene iye ankamutsanzira mayendedwe pofuna kuseketsa anzake anali kutaya ntchito kuti mwana wa eni asakagone kupolisi. Anatula mtolo, nasolola chipika chija, n'kugwada.

"Sanaiwale ayi. Ndachotsa ndine, ndimayesa nkhuni."

A Swadick anati atsegule pakamwa, koma a Eduardo anawadula.

"Bwana, kukalipako mukalipa pambuyo pake, bogiyi ikadali pamtsetse." Anatembenukira kwa Safia, magazi akuyenderera m'malaya. "Mkono wangawu wafooka, mama. Tola mwala, ukhomere wekha chipikacho pansi pa gudumupo. Ukhome zolimba, njira iyi mayi akonso amadutsa pomwepa."